Timasipika ta Bluetooth ta m'misika ya Chipata: kulira n'kwabwino, zolumikizira n'zofooka

Pa Kapata, pa Saturday Market ndi ku Down Shops tadzaza timasipika ta Bluetooth tobulungira, topanda dzina la kampani lodziwika. Mawati olembedwa pabokosi musawatengere. M'kati mwa tambiri muli batire limodzi la 18650 la 3.7V, kabolodi kamodzi, amplifier (kachipangizo kokuza mawu) ya mtundu wa Class D yonga PAM8403 imene imatulutsa 3W mbali iliyonse, ndi sipika imodzi kapena ziwiri za 4 ohm. Pa mtengo wake, kulira kwake sikodandaulitsa: pakhonde kapena m'kantemba kamakwanira, ngakhale mabesi ndi ochepa monga zimakhalira ndi sipika ya mamilimita 40 kapena 50. Pamene opanga anaumira ndalama ndi pa zolumikizira magetsi, ndipo timasipikati timafera pomwepo.

Pochajira ndiye poyamba. Tambiri tili ndi micro-USB ya timiyendo tisanu towotcherera pamwamba pa bolodi, popanda miyendo yolowa m'mabowo kuti igwire kachitsuloko. Malaiti akamathimathima, chaja chimalowetsedwa ndi kuzulidwa kambirimbiri, ndipo ambirife timamvera nyimbo chingwe chili chilendewere. Mtovu wowotcherera umayamba timing'alu. Mudzadziwira kagetsi kofiira: kamayaka pokhapokha mwapendeketsa chingwe. Zikafika apo pitani nako kwa mmisiri msanga, chifukwa kupendeketsako kumasenda timizere ta mkuwa pabolodi, ndiye ntchito ya mphindi zochepa imasanduka yoluka timawaya mmodzimmodzi.

Ta USB-C n'tolimbirako, makamaka ngati chitsulo chake chili ndi miyendo inayi yolowa m'bolodi. Koma tina tilibe ma resistor awiri a 5.1k pa timiyendo ta CC1 ndi CC2 (tizipangizo touza chaja cha USB-C kuti chitumize magetsi), choncho timachaja ndi chingwe cha USB-A chokha. Mukaika cha C mbali zonse ziwiri, zii. Yesani musanapereke ndalama.

Chachiwiri ndi mawaya. Opita ku sipika ndi ku batire amakhala oonda, cha m'ma 28 AWG (muyeso wa kunenepa kwa waya: nambala ikakula, waya ndi woonda), ndipo ena amawotcherera mothamanga mtovu usanasungunuke bwino. Polumikiza pabwino mtovu umayenderera n'kukuta waya ndi chitsulo. Poipa umaunjikana ngati kampira kongokhala pamwamba. Mukakweza voliyumu, batire limafunika kupereka mphamvu yoposa ampeya imodzi. Malo ofookawo amagwetsa voteji, chip ya Bluetooth n'kuzima, kasipika n'kuyambiranso. Anthu amathamangira kunena kuti batire latha, n'kugula lina pachabe. Onyamula anthu pa njinga, amene amamangirira kasipika pa handulo, vutoli limawapeza msanga chifukwa cha kugwedezeka m'misewu yafumbi. Sipika nayonso imagwedeza mawaya ake ikamalira, ndipo waya wopanda chougwira umathyokera pamene mtovu wathera.

Kukonza kwake sikodula, koma muuzeni mmisiri zoti achite. Achotse mawaya oondawo aike a 22 AWG a timawaya tambiri m'kati, osati a chitsulo chimodzi cholimba. Soldering iron ikhale pa 330 mpaka 350°C, apake flux (mankhwala othandiza mtovu kugwira), ndipo pa sipika asapitirire masekondi atatu. Chifukwa chake n'chakuti pa kachitsulo komweko pamachokera timawaya tofewa toluka topita ku koilo, kawaya kokulungidwa m'kati mwa sipika. Mukatenthetsa kwambiri timamasuka kapena kuuma, sipika n'kuyamba kukhosomola. Akamaliza adontheze guluu pang'ono patsogolo pa powotcherera kuti waya ukakokedwa, guluuyo ndiye amve ululu. Bowo limene mawaya amadutsira alitseke ndithu, chifukwa ka passive radiator, kambale konga sipika koma kopanda mawaya kamene kamapereka mabesi, kamadalira bokosi losatulutsa mpweya.

Pali zinthu ziwiri zimene ngakhale okonza mafoni ena amaphonya. Ma amplifier awa satulutsa mawu pa waya mmodzi ndi ground (mbali ya − ya bolodi lonse). Mawaya onse awiri a sipika ali ndi mphamvu. Mukalumikiza ma negative a sipika ziwiri pamodzi, kapena kuwagunditsa ku ground, chip ya amplifier ikhoza kupsa. Chinacho ndi + ndi −. Gunditsani batire la 1.5V pa tizitsulo tiwiri ta sipika kwa kanthawi kochepa: koni (kambale kogwedezeka ka kutsogolo kwa sipika) ikatulukira kunja, pamene pali + ya batire ndi pa + ya sipika. Imodzi ikatembenuzidwa, sipika ziwirizo zimalimbana ndipo mabesi amasowa. Multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ikaikidwa pa sipika iyenera kuonetsa pakati pa 3 ndi 4 ohm. Ikapanda kuonetsa kanthu, koilo kapena timawaya tofewa tija taduka.

Batire musalole kuti aliwotcherere mwachindunji, kutentha kumaliwononga m'kati. Likhale la timalata ta nickel tomatidwa kale ndi spot welder (makina omata zitsulo ndi magetsi osatenthetsa batire), ndi kapulagi kakang'ono ka mtundu wa JST kolowa molimba. Lodzaza limaonetsa 4.2V. Lotsika pansi pa 2.5V, lophwanyika kapena lodontha, lichotseni.

Kabowo ka AUX, kolowetsamo chingwe cha nyimbo, nako kamavuta m'miyezi ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala. M'kati muli kaswichi kamene kakada, kasipika kamaganiza kuti mwalowetsa chingwe, Bluetooth n'kukhala chete. Dontho la isopropyl alcohol (sipiriti wotsukira zamagetsi) ndi kulowetsa pulagi kangapo zimathetsa.

Ndiye n'kogula? Ka pakhomo, kokhala pathebulo, eya, bola kakhale ka USB-C ndiponso kotsegula ndi masikuluwu, osati komata ndi guluu. Pogula kakhutchumuleni pafupi ndi khutu mumve ngati muli chogubuduka, kwezani voliyumu mpaka pamapeto kwa mphindi imodzi, ndipo gwedezani chingwe chochajira mukuyang'ana kagetsi. Ka pa njinga kapena ka kumunda, werengeranitu ndalama ya mmisiri pa mtengo wogulira, akasinthe mawaya kasanayambe n'komwe kuvuta.