Kaulendo koona mbiri ya Kamuzu muno mu Lilongwe, ndalama yanu siipita pachabe

Pali achimwene ena amayendetsa anthu pa Sienta yawo kuwaonetsa malo a mbiri mtauni muno, ndipo amene muli ndi ana a sekondale atengeni ndithu. Amayambira ku chiliza cha Kamuzu ku City Centre pafupi ndi nyumba ya malamulo, chija chinatsegulidwa mu 2006 nthawi ya Bingu, pamalo pake ndi posesedwa bwino kapinga wake wodulidwa.

Zoti Kamuzu ankachokera ku Kasungu, anali dokotala ku Britain ndi ku Ghana, anabwerera kuno pa 6 July 1958 mpaka kumwalira ku Johannesburg mu 1997 achimwenewo amangodutsapo mwachangu poti tonse tinaloweza ku pulaimale. Pomwe amakhazikika ndi pa nkhani ya alimi akumudzi ndipo ine mpomwe anandigwira mtima. Anatifotokozera kuti Ngwazi inkakonda kunena kuti munthu akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, inkayendera mbewu m'minda nthawi ya dzinja, alimi olimbikira ankatchedwa achikumbe iyo nkukhala mchikumbe namba wani, ADMARC inabwera mu 1971 misika nkufika mpaka kumidzi, ngakhale kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975 cholinga china chinali choti chitukuko chisamangothera kummwera.

Koma samangoyamikira ayi. Amanena poyera kuti ADMARC yomweyo inkagula mbewu kwa mlimi wamng'ono pamtengo wotsika phindu nkumakathera ku ma esiteti, fodya wa bale munthu wamba sankaloledwa kulima pamunda pake mpaka cha m'ma 1990, ambiri ankangokhala matenanti. Atafika pa khadi la chipani mayi ena achikulire omwe tinali nawo anangoti "mwana wanga usandikumbutse", nkutiuza mmene ankabwezedwera pa geti la msika dengu la tomato lili pamutu chifukwa khadi aiwala kunyumba. Mwana wanga sankakhulupirira, mafunso anachita kuchuluka mpaka achimwenewo kuzimitsa injini kuti amuyankhe bwinobwino. Zimandiwawa kuti ana athu akukula akungomva mbali imodzi, ena kutamanda ena kunyoza, chonsecho agogo awo ku Mitundu ndi ku Nsundwe zonse ziwiri anaziona ndi maso.

Zodandaula zilipo, achimwenewo anabwera mochedwa osaimba ndi foni yomwe, komanso windo lakumbuyo silitseguka ndiye ndi dzuwa lamasana munthu umachita kupsa, madzi akumwa munyamule anu. Ndinawauzanso kuti awonjezere ku malo ofufuzira za ulimi ku Chitedze kapena ku sukulu ya ulimi ku Bunda poti nkhani yawo yatsamira pa ulimi, ana akaone minda yeniyeni osati zipilala zokha, akuti mafuta ndi amene akuvuta koma gulu likagwirizana kuwonjezera kangachepe atha kupita. Mtengo mumakambirana malinga ndi kuchuluka kwanu, mukakhala ambiri umatsika, ndipo muwapemphe kuti munyamuke mmawa kusanatenthe.