Ku Joni kuno galimoto nayo imalipira lendi

Inu amene mumandiimbira n'kumati "achimwene, mwagula bakki ndiye kuti mwaphula basi", khalani pansi mumve. Bakkiyo, kapena kuti galimoto ya pikiapu, ndinagula chaka chatha, yakale ndithu, yonyamulira makina otchetchera kapinga, jenereta, makwerero ndi zitini za penti popita ku maganyu ku Randburg ndi ku Fourways. Chimene sindinawerengere ndi pogona pake. Ine ndimakhala m'kachipinda ka kuseri ku Rosettenville, pabwalo palibe malo, ndipo kusiya galimoto pamsewu usiku ndi kugawira akuba batire ndi matayala. Ndiye palinso matalala a dzinja lakuno, amene nthawi zina amagwa akuluakulu moti amaswa magalasi n'kusiya bodi ili maenjemaenje.

Pa Facebook ndinaona shedi ya malata ku Turffontein, R900 pamwezi, geti lamagetsi, mlonda usiku wonse. Ejenti wake anali wa pakamwa pozuna. Ndinapereka lendi ndi dipoziti, R1,800, pamanja, popanda lisiti. Apo ndiye ndinapusa, sindikana. Tsiku lolowetsa galimoto zinayamba kutuluka zina: R450 ya mapepala (amene sindinawaonepo mpaka lero), R250 ya rimoti ya geti, R200 pamwezi ya mlonda, R150 pamwezi ya magetsi, chonsecho mushedimo munalibe ngakhale babu. Mwezi woyamba ndinatulutsa R2,850, ndipo lendi ya R900 ija inasanduka R1,250.

Shedi yakeyo malata anali kumbuyo kokha, kumene anajambulako chithunzi. Kutsogolo anakutira ndi neti yobiriwira ija yotchinga dzuwa, imene mvula imangodutsa ngati sefa. Makoma kunalibe. Anandilonjeza kuti pasanathe sabata ziwiri awotcherera khola lachitsulo loti ndizikiyiramo zida. Miyezi inayi inatha ndikumva "mawa, mawa", zida zikugona mubakki nditazifunditsa pepala lapulasitiki.

Usiku wina magetsi atazima, geti linatsala lotsegula. M'mawa jenereta ndi chopukusira zitsulo kunalibe. Mlonda amene ndinkamulipirira uja anali munthu mmodzi woyang'anira mabwalo atatu, ndipo sindimudzudzula, naye ndi waganyu ngati ine. Ejenti sanapepese n'komwe. Anangondilozera kachikwangwani ka pampanda, kolembedwa m'Chingerezi, koti chilichonse chikasowa eni malo alibe mlandu. Nditati ndikuchoka, dipoziti anakaniza, ati sindinapereke notisi ya mwezi komanso oyilo anadetsa simenti. Simenti yake iti, pansi pali fumbi ndi timiyala?

Mnzanga wina anandiuza za Small Claims Court, kumene amaweruza milandu ya ndalama zochepa popanda loya. Koma ndikanapita ndi chiyani? Lisiti ndinalibe, pangano lolemba ndinalibe, ndinali ndi mauthenga a mawu pa WhatsApp basi, ndipo tsiku lokhala kukhoti ndi tsiku lotaya ganyu.

Pano galimoto imagona ku Booysens, mugalaja yeniyeni ya chitseko, R1,300 pamwezi zonse pamodzi. Amene amayang'anira ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba anandionetsa okha pakona pamene denga limadontha, nati zida ndiziika pamatabwa. Anandiuzanso poyera kuti inshuwalansi yawo ndi ya nyumba yokha, za ine ayi, choncho loko ndigule wanga wolimba. Tinajambula pansi ndi makoma, analemba zonse papepala limodzi, tonse tinasaina, ndipo mwezi uliwonse lisiti amandipatsa ndisanapemphe.

Tsono iwe mphwanga amene ukufuna kugulitsa dimba la amayi kuti ubwere kudzagula bakki, leka kulota masana. Usanaganize za mafuta ndi laisensi, galimotoyo ikudya kale ndalama itangoima. Ukabwerabe, usapereke ndalama usanaone malo ndi maso ako, yang'ana denga lonse mpaka kumapeto, funsa zimene zimachitika ndi geti magetsi akazima, ndipo amene akukana kulemba mtengo wonse papepala umusiye pomwepo. Jenereta ija sindinagulebe ina, ndimachita kubwereka kwa mnzanga wa ku Mangochi, R100 patsiku.