Zithunzi za drone: Adobe Stock kapena eni malo ogona alendo ku Senga Bay?

Mukajambula gombe la Senga Bay kuchokera mumlengalenga ndi drone (kandege kakang'ono kokhala ndi kamera), misika yogulitsako zithunzizo ilipo iwiri. Adobe Stock, tsamba la pa intaneti logulitsirapo zithunzi, imakupatsani 33 peresenti ya mtengo wa chithunzi, m'madola, ndipo chithunzi chimodzi chingagulidwe kambirimbiri. Koma ndalama zake zimabwera modontheza, zithunzi amayamba aziunika kaye, ndipo nkhope ya msodzi ikamaoneka bwino, pamafunika chilolezo chake cholembedwa.

Eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja amalipira kamodzi, m'makwacha, mwina pa Airtel Money tsiku lomwelo. Mtengo mumakambirana pamasom'pamaso. Vuto n'lakuti ndi ochepa, ndipo akagula chaka chino, chaka chamawa mwina safunanso.

Ine ndingayambe ndi eni malowa, chifukwa ndalama yogulira mabatire imafunika msanga. Pogulitsa, gwirizanani kuti umwini wa zithunzizo ukhalebe wanu, kuti mukaziikenso pa intaneti.