Toyota 86 pa msewu wa ku Namwera

Ubwino wa galimoto ya Toyota 86, imene inatuluka mu 2012, umaonekera pa makona a phiri la Chowe, mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera. Injini yake ya malita 2 ilibe turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, chimene chimachedwerako kuyankha), choncho mukaponda moto imayankha nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imakwera molingana ndi mmene phazi lapondera, zimene zimathandiza kuti matayala akumbuyo, omwe ndiwo amakankha galimotoyi, asaterereke mwadzidzidzi potuluka pa kona. Chiwongolero nacho n'chomvera kwambiri: mukapinda pang'ono chabe, galimoto yakhota kale. Komabe pa chitunda imafuna giya yotsika, ndipo poti kunsi kwake kunayandikira pansi, misewu yafumbi yopita kunyanja siiyenera.