Wailesi kapena WhatsApp: nkhani tizimvera kuti?

Pa liwiro, wailesi singapikisane ndi WhatsApp. Ngozi ikachitika pa Zalewa, zithunzi zimakhala zafika kale pagulu la kumpingo mtolankhani asananyamuke n'komwe. Vuto ndi zimene zimabwera limodzi ndi liwirolo: uthenga wamawu wa munthu wosadziwika dzina, chithunzi chakalekale cha madzi osefukira kudziko lina, pansi pake atalemba kuti "tumizirani ena". Akanama, palibe womugwira pakamwa.

Wailesi imachedwa, inde, ndipo nkhani ikakudutsa uli kudimba uyenera kudikira ulendo wina. Komabe ku Zodiak kapena ku MBC kuli mkonzi, ndipo akaulutsa zabodza bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA likhoza kuwaitanitsa. Mtengo nawo ndi nkhani: mabatire awiri amakufikitsa patali, pomwe bandulo ukangotsegula mavidiyo angapo, yatha.

Namondwe Freddy atagwetsa mapolo a magetsi mu Malichi 2023, mafoni ambiri ku Blantyre anathima, koma kawailesi ka mabatire kankalankhulabe.

Ineyo uthenga wa maliro ndi mtengo wa soya ndimadalira foni. Za mvula, kolera ndi zisankho ndimayamba ndadikira nkhani za madzulo pawailesi.