Mapu athu a mijigo ku Mabvuku ndi Tafara, dzinja litadutsa

Tsamba la pa intaneti la za madzi lomwe achinyamata a kumpingo kwathu anakhazikitsa chilimwe chatha tikuligwiritsabe ntchito, ndipo ine ndi mmodzi wa olembapo. Ndi mapu a pa intaneti a OpenStreetMap okhala ndi kadontho pa mjigo uliwonse wa ku Mabvuku ndi Tafara, madera a mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Palinso fomu ya KoboToolbox imene timadzaza pa foni, kunena ngati mjigo ukutulutsa madzi kapena wafa, ngati ndi wa sola kapena wopopa pamanja, ndiponso tsiku limene madzi ake anayezedwa.

Madzi ambiri a Harare amachokera ku Lake Chivero, damu la mu 1952, ndi ku damu la Manyame, n'kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, kumadzulo kwa mzinda. Ife tili kum'mawa, kumapeto kwenikweni kwa mapaipi, moti mjigo ndiwo mpopi wathu. Koma mjigo nawo umadwalitsa. Kolera ya mu September 2018 ku Glen View ndi Budiriro, madera ena a mu Harare, inafalikira kudzera m'mijigo ndi zitsime zomwe zinalowa zonyansa za m'masuweji. N'chifukwa chake ine ndimayamba kuyang'ana zoyeza madzi ndisanaone za mzere wa anthu pa mjigo.

Fomuyi ndaiyamikira. Imadzazika popanda netiweki, magetsi atazima, n'kudzatumiza pambuyo pake.

Vuto lili pa ife anthu. Poyamba aliyense ankajambula mjigo wa kwawo, madontho n'kudzaza mapu onse. Mvula itagwa, anthu akukinga madzi padenga, chidwi chinazirala. Kadontho kamene kanalembedwa kuti "ukugwira" kanakhala choncho ngakhale pampu inathyoka kalekale, ndipo mayi wonyamula zigubu pa wilibala ankakapeza pouma. Wotereyu sabwereranso pa tsambalo, ndipo sindingamunene. China n'chakuti ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene sitsegula mapu. Anyamata athu zimenezi sanaziganizire, poti iwo amakhala pa Wi-Fi kuntchito.

Zinayamba kuyenda titapatsa mjigo uliwonse munthu mmodzi wa m'komiti yake, makamaka amayi amene amasunga ndalama zokonzetsera pampu. Iwo amangolankhula pa gulu la WhatsApp, m'Chichewa kapena m'Chishona, wachinyamata mmodzi n'kulowetsa pa mapu. Kadontho kakatha milungu iwiri osakhudzidwa kamasanduka kotuwa, kusonyeza kuti uthengawo ndi wakale. Loweruka lililonse timatumiza chithunzi cha mapuwo pa gululo.

Kwa abale a ku Mufakose, Mbare kapena Epworth amene mukufuna zofananazi: n'zothandiza, koma pezani kaye amayi a m'makomiti musanafune wodziwa kompyuta. Zoyeza madzi ndizo zikutisowabe. Kuyezetsa ku labotale kumafuna ndalama, moti pa mijigo yambiri malo a tsiku loyezera akadali opanda kanthu, ndipo apa timangolemba kuti thirani klorini kapena wiritsani.