Google Earth, droni kapena LiDAR: chojambulira mabwinja kuchokera kumwamba

Ambiri akafuna kujambula mabwinja amathamangira kugula droni. Ine ndimati yambani mwatsegula Google Earth, pulogalamu yoonetsa zithunzi za setilayiti, poti kumeneko mumangolipira bandulo basi. Karim Sadr, wofufuza zakale wa ku yunivesite ya Wits ku South Africa, anagwiritsapo ntchito zithunzi zomwezi powerenga makola ndi mipanda yamiyala ya Atswana akale kumapiri a Suikerbosrand, kumwera kwa Johannesburg. Chovuta n'chakuti tsiku lojambula simusankha ndinu. Setilayiti ikadutsa m'dzinja udzu uli bii, mpanda wofika m'mawondo simuuona. Bwererani pa zithunzi za zaka zam'mbuyo mpaka mutapeza cha m'chilimwe.

Droni imapambana pamenepo, chifukwa ola mumasankha nokha. Dzuwa likangotuluka, kapena likapendeka cha m'ma 4 koloko, kamzere ka miyala kamene mungakaponde osakazindikira kamaponya mthunzi wautali, ndipo khola lonse limaoneka kuzungulira kwake, ndi pachipata pomwe. Dzuwa lili paliwombo musavutike, zonse zimangoti see. Nyengo nayo ndi nkhani. Kuno kum'mwera kwa Africa, Seputembala ndi Okutobala tchire litapsa, miyala imakhala pamtetete. Ku Ireland chinathandiza ndi chilala cha 2018: droni ya Anthony Murphy inaona bwalo lalikulu lakalekale m'munda wa mbewu pafupi ndi manda akale a Newgrange, poti mbewu zomera pamene panali maenje a nsanamira zinakhalabe zobiriwira, zinzake zikuuma. Koma batire la droni wamba silipitirira kwenikweni theka la ola, mphepo ikakula imagwedera, ndipo pamalo otetezedwa ngati Great Zimbabwe simungoulutsa popanda chilolezo.

Pamene pali mitengo yothinana, zonse ziwirizi zimagonja. Apo mpofunika LiDAR, makina oombera kuwala kwa laser pansi kuchokera m'ndege. Kwina kumadutsa m'mipata ya masamba, kenako kompyuta imachotsa mitengoyo n'kusiya nthaka yokha. Ku Caracol, mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya m'dziko la Belize, anaiyesa mu 2009 ndipo inaonetsa misewu ndi minda yamigula pansi pa nkhalango. Ku Suikerbosrand komwe kuja inavumbula kuti mipanda ija inali mzinda wathunthu, umene pano ukutchedwa Kweneng. Mtengo wa LiDAR ndi wa mayunivesite ndi maboma, osati wa ife.

Komabe LiDAR imayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, mtundu wa zomera siisamala. Kum'mawa kwa Botswana, cha m'ma 1970, wofufuza zakale James Denbow anapeza midzi yakale yambirimbiri pa zithunzi wamba za ndege, pongotsatira zigamba zoyererako za udzu wa Cenchrus ciliaris umene umakonda kumera pa ndowe za m'makola akale. Malo otero amafuna kamera, kaya ya droni kaya ya setilayiti, chifukwa pamwamba palibe mwala woti laser igunde.